Aphunzitsi Anga, Mkamwini wa Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene aphunzitsi anga anakwatira achemwali anga. Musandifunse kuti chinali chaka chanji, chifukwa ine ndi manambala tinasiyana kalekale, ndipo tinasiyana mwamtendere, palibe amene anatsala ndi katundu wa mnzake. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti ndevu zinali zisanaganize n'komwe zobwera, ndipo ndinali mu Sitandade 3 kachiwiri. Ena amati ndinabwereza. Ine ndimati kalasiyo inandikonda. M'chaka chimenecho pang'ono pokha ndikanathetsa ntchito ya munthu pamodzi ndi banja la achemwali anga, osati chifukwa cha nkhanza ayi, koma chifukwa chofuna kudziwa.

Sukulu yathu inali kwa Maseya, chakumunsi kwa mudzi, ya zidina zosawotcha, yofolera ndi udzu. Mawindo ake anali mabowo akuluakulu chabe oti mphepo izilowa, ngakhale kuti mphepo ya kwathu kuno kuchigwa ikalowa nthawi ya chilimwe imakhala ngati yachokera mu uvuni wa njerwa. Aphunzitsi athu anali a Semba, Msena wa kwa Malemia ku Nsanje, munthu wamtali, wa mawu ochokera pansi pa mimba. Ankavala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ife tikusungunuka ndi malaya osamanga mabatani. Anali ndi kandodo ka bwemba, koma sankamenya kawirikawiri. Ankangokagogoda patebulo, kalasi yonse n'kuti zii, mpaka kumamva mbuzi ikubzikula kuseri kwa khoma.

Chimene ankakonda kwambiri chinali choti tizifunsa. Anatidzalitsa nyemba m'zitini, zina n'kuziika padzuwa pansi pa windo, zina mumdima kuseri kwa chitseko, kuti tione tokha kusiyana kwake. Ankati, "Funsani. Mukafunsa osayankhidwa, yesani muone." Mawu amenewa muwasunge, chifukwa pa zonse zimene anandiphunzitsa munthu ameneyu, awa okha ndi amene ndinawamva bwinobwino.

A Semba anaona achemwali anga a Esinati pamsika wa thonje, ndipo nkhani inayenda mpaka kufika kwa akuluakulu. Apa panali kusiyana. Kwawo kwa Asena, mwamuna amapereka malowolo n'kutenga mkazi kupita naye kwawo. Kwathu kwa Amang'anja mwamuna ndiye amabwera, n'kumanga pamudzi pa mkazi, n'kumalima munda wa apongozi. Abambo nthawi imeneyo anali kumigodi ku Joni, ndipo pakhomo mawu anali a Amayi. Iwo anauza amalume kuti ng'ombe sakuzifuna, mwana wawo sachoka. A Semba anavomera chikamwini, popeza sukulu inali pafupi. Abale awo ankawaseka kuti mwamuna mnzawo wakwatiwa, koma iwo anangomanga nyumba yawo kuseri kwa nkhokwe yathu.

Chidwi changa chinayambira pamenepo. Tangoganizani inuyo. Munthu amene Lachisanu wakuimika padzuwa chifukwa cha samu, Loweruka m'mawa ukumuona ali ndi khasu paphewa, tayi palibe, nsapato palibe, akupita kukalima dimba la Amayi ako m'mbali mwa Shire. Tsiku loyamba ndinangoyang'ana mapazi awo. Ndinkaganiza kuti mapazi a aphunzitsi ndi osalala ngati sopo. Anali ndi ming'alu ngati athu omwe, mwina kuposa. Ndiye munthu yemweyo n'kutembenuka, n'kunditchula kuti alamu. Ine! Kwathu mlamu ndi munthu woseka naye, womugemula mmene ungafunire popanda mlandu. Ndinaona kuti Mulungu wanditsegulira khomo, ndipo ndinalowa ndi miyendo yonse.

Kudimbako ndinkawafunsa chilichonse, iwo n'kumayankha khasu likugwa. Anandiuza kuti bambo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo anali msodzi wa m'madambo a kumunsi kwa Nsanje, munthu amene ankadziwa pogona mlamba ngati kuti anali naye pachibale. Iwo ali mnyamata ankatumidwa kukagulitsa nsomba zowamba kufupi ndi sukulu ya mishoni. M'malo mogulitsa ankaima pawindo, dengu lili pamutu, kumvetsera. Tsiku lina mphunzitsi wa pamenepo anatopa ndi fungo, n'kunena kuti ngati nsombazo zikufuna kuphunzira, zilowe zikhale pansi. Analowa ndi dengu lomwe. Anali wamkulu kuposa ana onse m'kalasimo, mawondo osakwana pabenchi. Bambo awo sanakondwe, ankati palibe nsomba inagwidwapo ndi choko. Koma anawasiya, ndipo mnyamata uja anapitirira mpaka kukafika kusukulu ya uphunzitsi kumtunda, kumapiri. Kumeneko, akuti tsiku loyamba kumva kuzizira anathamangira kuchipatala poganiza kuti ndi malungo.

"Nanga tayi, alamu, mumavaliranji kutentha konseku?"

"Kuti ndizikumbuka kuti sindili m'bwato," anatero.

Zonsezi ndinkazimvetsa. Chimene chinkandizunguza mutu chinali china. Njira ya kudimba inali yopapatiza, mbali zonse zitsamba za masau, ndipo amene anathyolapo masau akudziwa kuti mtengo umenewu supereka chipatso popanda kukusiyira chikumbutso. Tikuyenda choncho, a Semba ali pakati pofotokoza za nyenyezi kapena za ng'ona, Amayi n'kutulukira patali, dengu lili pamutu. Mawu ankathera pomwepo. Munthu wamkulu uja ankalowa m'minga ngati nkhwali, n'kunjuta, nkhope kuloza kwina. Ine ndinkatsala panjira ndikuwayang'ana kukamwa kuli yasa, ndipo pocheuka ndinkapeza Amayi ali kale kumbuyo kwathu, akupita. Pakhomo zinali chimodzimodzi. Sankayang'anana, sankadyera pamodzi, ndipo akafuna kuuzana kanthu ankalankhula ndi achemwali kapena ndi khoma.

Mwambowu ndinkaudziwa, musandiyese mlendo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakumana maso. Ndinali nditaona akamwini ena akuchita zomwezo. Koma amenewo anali anthu wamba, ena mwa iwo oopa ngakhale tonde. Awa anali a Semba, amene sukulu yonse inkanjenjemera akatsokomola. Ndiye ndinawafunsa.

"Alamu, kodi Amayi mumawaopa?"

Anaseka, n'kundiyankha m'Chisena chawo. "Nkhabe, mphale. Lima." Ndiko kuti, ayi, mnyamata iwe.

Limenelo silinali yankho. Munthu wosaopa salowa m'masau. Funso linakula m'mutu mwanga, n'kubala lina. Kudimba amakhala opanda tayi. Nanga Amayi atawapeza kusukulu, tayi ili pakhosi, ndodo ya bwemba ili patebulo, zingathe bwanji? Pakati pa tayi ndi apongozi, wamphamvu ndani? Ndinafunsa, sindinayankhidwe. Chotsala mukuchidziwa.

Vuto linali lakuti Amayi sankaponda kusukulu. Koma munthu aliyense ali ndi chingwe chomukokera, ndipo chawo chinali kabotolo ka fodya wa m'mphuno. M'mawa ukadutsa osanunkhiza, ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti lero si tsiku loyandikira. Tsiku lina ali kuchitsime ndinakatenga pamene ankakabisa, patsindwi la khonde, n'kukaponya m'thumba. Potuluka ndinauza achemwali kuti, "Amayi akafuna fodya wawo, muwauze kuti wapita kukaphunzira."

Dzuwa litakwera pang'ono, a Semba ali pabolodi kulemba, ndinamva mapazi amene ndinkawadziwa. Amayi sankadziwa kuti ine ndimaphunzira chipinda chiti, kapena kuti akamwini awo ali kuti. Anangolowera kumene anamva mawu a ana, n'kuima pakhomo, mkwiyo uli tho.

"Layitoni! Uli muno?"

A Semba anatembenuka. Khomo linali limodzi, ndipo pakhomopo ndi pamene panali apongozi. Ndinaona maso awo akuyenda, kukhomo, kudenga, pansi pa tebulo. Kenako munthu wamtali uja anaponda benchi ya kutsogolo n'kutulukira pawindo, choko chili m'manja, tayi ikuuluka pambuyo ngati mchira. Kunja tinamva zitini za nyemba zija zikulira. Zimene anachita Amayi sindinazione, chifukwa maso anga onse anali pawindo. Pocheuka, pakhomo panalibe munthu, ndipo fodya anali akadali m'thumba mwanga.

Kalasi inaseka mpaka ena kugwa pamabenchi. Ine ndinali wokhutira ngati munthu amene nyemba zake zamera. Yankho ndinali nditalipeza: apongozi amaposa tayi. Za fodyayo sindikuulula tchimo pano, ndinalipira tsiku lomwelo ndi makutu anga, ndipo mpaka lero lakumanzereli ndi lalitali pang'ono.

Chimene sindinaganize n'chakuti yankholo sindinalione ndekha. Mawa lake a Semba atangolemba samu yovuta, mnzanga Fulaye, amene ankakhala kumbuyo, ananong'ona kuti, "Apongozi!" Mitu yonse inatembenukira kukhomo. Aphunzitsi nawonso anadzidzimuka, phazi limodzi n'kusuntha. Basi, zinathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo, ndodo ya bwemba ikagogoda patebulo, m'malo mwa zii kunkabwera kuseka. Ana a makalasi ena ankadutsa pawindo akutsanzira kalumphidwe. Nyimbo inapekedwa, ndipo inafika mpaka kwa abusa a ng'ombe amene sanapondeko kusukulu. A Semba sanandimenye, sananditchule n'komwe. Kudimba ankalima chete, ndipo ndikafunsa kanthu ankangoti, "Sindikudziwa, alamu." Munthu amene ankadziwa zonse.

Patapita masabata, ahedi, akulu a sukuluyo, anawaitana n'kuwauza kuti kalasi yawalaka, ndipo ngati zipitirire adzapempha kuboma kuti awasamutse. A Semba anauza achemwali kuti kusiyana n'kusekedwa ndi ana, kuli bwino abwerere kwawo ku Nsanje. Achemwali anali oyembekezera. Akatsatira mwamuna, aphwanya mawu a Amayi. Akatsala, banja latha mwana asanabadwe. Ndinawapeza masana ena akusinja mapira, misozi ikugwera mumtondo.

"Wayesa, waona," anandiuza osandiyang'ana. "Tsopano ukadzale mlamu wina m'chitini."

Panapita masiku angapo. Kenako Lolemba lina m'mawa ndinaona Amayi atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi mpango woyera. Ananditulutsira kampando kawo kamtengo, n'kunena kuti ndinyamule, nditsogole. Sindinafunse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga funso linakana kutuluka.

Tinafika maphunziro atayamba, phokoso la m'kalasi mwathu likumveka tikadali patali. Amayi anaima kunja pambali pa khomo, pamene sakanaoneka, n'kuwomba m'manja mwaulemu. Analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Layitoni, kawauze aphunzitsi kuti asatuluke. Ine ndilowa chafutambuyo."

Ndipo analowadi chafutambuyo, pang'onopang'ono, dzanja likupapasa khoma. Anandilozera kuti ndiike kampando kutsogolo kwenikweni, pakati pa tebulo la aphunzitsi ndi benchi yoyamba. Anakhala pansi, msana kuloza kubolodi kumene kunali akamwini awo, nkhope kuloza kwa ife. Mwambo sunasweke, pakuti sanayang'anane. Koma ife tonse tinapezeka tikuyang'anizana ndi maso a Amayi, ndipo amene sanakulire pakhomo pathu tsiku limenelo analawako.

A Semba anali ataima ngati mtengo wouma, diso limodzi lili pawindo.

"Auze apitirize," anatero Amayi.

Aphunzitsi anakonza tayi, n'kuyang'ana kudenga. "Alamu, auzeni amayi kuti ndamva." Aka kanali koyamba kunditchula choncho m'kalasi, ndipo palibe anaseka.

Anayamba kuphunzitsa motsitsa mawu. Phunziro linali la mtsinje, chifukwa chake Shire amasefukira n'kumiza madimba athu ngakhale kwathu kuno kusanagwe dontho la mvula. Atafunsa funso loyamba, pakamwa pa Fulaye panachita zimene panazolowera. Kanali kakunong'ona chabe, koma m'chipinda mopanda phokoso kanamveka ngati belu.

"Apongozi."

Amayi anamuyang'ana. "Iwe, si iwe mwana wa a Nasimango? Apongoziwo ndine. Ndamva kuti umandiitana tsiku ndi tsiku. Ndabwera. Nena."

Fulaye anayesa kulowa pansi pa benchi, koma benchi inali yaifupi.

"Ulibe mawu? Ndiye yankha zimene afunsa aphunzitsi."

Amayi anayendetsa maso pa ife tonse, mmodzimmodzi, n'kuthera pa ine. "Amayi anu akamagwada popereka madzi kwa mlendo, miyendo imakhala itathyoka? Awa akandipatukira panjira, inu mukuti akuthawa. Ine ndinawapatsa mwana wanga ndi dimba langa. Inu mukuwamana makutu, muli ndi chiyani chimene ine ndilibe?" Anatulutsa kabotolo kaja, n'kununkhiza, n'kuyetsemula. "Apitirize."

Anapitirizadi, ndipo pang'onopang'ono mawu aja a pansi pa mimba anabwerera. Anajambula mapiri pabolodi, n'kufotokoza kuti mvula ikagwa kumtunda, timitsinje tonse timathira mu Shire, madziwo n'kutsika pa mathithi a Kapichira kudzatipeza ife tili chigonere ndi dzuwa lathu. Ine ndinkayang'ana Amayi. Bolodi sankaliona, koma khosi linali litapendekeka, khutu litaloza kumbuyo. Mwadzidzidzi anadula.

"Layitoni, afunse. Ndiye kuti madzi amene anandidyera chimanga chaka chatha anali a eni ake akumtunda?"

Ndisanatsegule pakamwa, a Semba anali atayankha kale. "Auzeni kuti inde. Ndipo auzeni kuti akaona madzi afiira, atanyamula zinyalala za mitengo yosamera kuno, adziwe kuti ambiri ali m'njira."

"Auze kuti zimenezo ndimazidziwa, sindinabadwe dzulo. Chimene ndikufunsa n'chakuti, nanga dothi lakuda limene amatisiyira lija, nalonso ndi la eni ake?"

Anakambirana choncho mpaka chitsulo cha nthawi yopuma chinalira, wina akulankhula ndi denga, wina ndi ana, onse akutchula dzina langa koma palibe amene ankandidikira. Ndinali mthenga amene sanatumidwe kalikonse. Ndikuganiza kuti kumeneko kunali kucheza kwawo koyamba chikwatire. Amayi anabweranso masiku otsatira, mpaka mawu aja oti apongozi anafera m'kamwa mwa ana. Ahedi anadutsa pawindo, n'kuona kalasi ili zii, mayi wa mpango woyera atafulatira bolodi, n'kubwerera osafunsa kanthu. Za kusamuka sizinamvekenso.

Tsiku lomaliza, tikubwerera kunyumba, kampando kali pamutu panga, funso lija linadzukanso.

"Amayi, koma zoona zake, alamu amakuopani?"

Anaima. Anakweza chitenje pang'ono mpaka m'mawondo. Miyendo yawo inali ndi mikwingwirima ndi tizipsera ta minga, tina takale, tina tatsopano.

"Iwe umayang'ana kumene alowera alamu ako," anatero. "Unayamba wayang'anapo kumene ndimalowera ine? Tsiku la fodya lija ndinathawa mpaka kugwera m'dzenje la zidina."

Loweruka lotsatira ndinayang'anitsitsa. Amayi atatulukira patali, a Semba analowa m'masau a kumanja. Ine ndinatembenuza mutu. Amayi nawonso anali atalowa m'masau a kumanzere, dengu lili pamutu, atawerama, akuzungulira movutikira kuti akatulukire kutsogolo. Njira yonse inatsala yopanda munthu. Amene ankayenda pakati pake monyada ngati bwana wa thonje ndinali ine ndekha.

Mwana wa achemwali atabadwa, Amayi anapereka nkhuku, a Semba anapereka nsalu, akuluakulu n'kuwalola kuti azilankhulana. Ngakhale zinali choncho, mpaka imfa ya Amayi ankakhala chammbali pocheza, ngati anthu awiri oyang'ana mtsinje umodzi. A Semba anadzakhala ahedi pasukulu yomweyo, ndipo atasamutsidwa patapita zaka, Amayi eni ake ndi amene anamangira achemwali katundu. A Semba anaphunzitsa mbali zonse ziwiri za Shire mpaka tsitsi kuyera. Ana awo a sukulu ena ndi anamwino, ena ali kuminda ya nzimbe, ena amayang'anira magetsi ku Kapichira. Fulaye anadzakhala mphunzitsi, ndipo ndimamva kuti anali waukali kwambiri pa nkhani ya kunong'ona. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma mlandu umenewo si wa alamu anga. Iwo anayesetsa.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ulemu ndi mantha amene asamba n'kudzola mafuta, ndiponso kuti pakakumana anthu awiri, amene wapatuka ndiye wamng'ono. N'chifukwa chake ndinkafunitsitsa kudziwa wamphamvu ndani. Tsopano, mano atatha m'kamwa, ndikuona kuti ndinkafunsa funso lolakwika. Munthu wamantha amapatuka yekha, mnzake n'kudutsa pakati chifuwa chili patsogolo. Awiri aja ankabayidwa ndi minga onse, aliyense kumbali yake, aliyense akuti njirayi ndi ya mnzanga. Ndipo tsiku limene mmodzi anatsala pang'ono kugwa pamaso pa ana, winayo anabwera kudzamuimika osamuyang'ana ngakhale kamodzi. Ine ndakhala ndi anthu ambiri ondiyang'ana m'maso, ena mpaka kundigwira chanza ndi manja awiri, koma wolowa m'masau chifukwa cha ine sindinamupezebe.